Wapha Ndani? Mabuku Amene Amandigoneka Mochedwa

Ambiri amene simunabwere Loweruka lapitali mwakhala mukupempha kuti tiike pano zimene mlongo wathu wa mu komiti ya zowerenga analankhula. Nazi, monga momwe anatipatsira. N'zazitali ndithu, ndiye pezani pokhala kaye.

 Kumbuyoko mukundimva? Chabwino.

Atandiuza kuti ndidzalankhule za kuwerenga, ndinadziwiratu kuti ena mubwera mutakonzeka kuwodzera. Mukuganiza kuti ndiyamba zija za aphunzitsi, zakuti werengani kuti mukhoze mayeso. Ayi, lero za mayeso tazisiya pakhomo. Ine ndabwera kudzakuuzani za chinthu chimene chimandikoma, monga momwe ena a inu mumatisokosera ndi za timu yanu ya mpira Lolemba lililonse.

Ndimakonda mabuku a mitundu iwiri. Oyamba ndi ofufuza milandu, aja oti munthu wafa kapena chinthu chasowa, ndipo wina akusakasaka kuti wachita ndani. Achiwiri ndi a nkhani zopeka koma zoikidwa m'nthawi yakale yeniyeni, momwe mafumu ake, nkhondo zake ndi malamulo ake zinalikodi. Ndipo ndimawakonda kwambiri akakhala otsatizana: loyamba, lachiwiri, lachitatu, anthu ake omwewo. Eya, series. Musandiyang'ane ngati ndanena zachilendo. Si inu nomwe mumagona 1 koloko usiku chifukwa cha filimu ya ku Korea yosatha ija? Makolo athu ankathamangira pa wailesi kukamvera Kapalepale, ife takula ndi Tikuferanji. Njala yofuna kudziwa kuti kenako chinachitika n'chiyani tonse tili nayo. Ine yanga ndimaithetsera m'buku, kusiyana kwake n'komweko basi.

Sindinabadwe wokonda mabuku. Ku sekondale ndinkawerenga zokhazo zimene zibwere pa mayeso, nthawi zina manotsi a mnzanga okha. Nditalemba Fomu 4 ndinakhala pakhomo chaka chathunthu. Enanu moyo umenewu mukuudziwa, enanu muli momwemo panopa. M'mawa kusesa, kutunga madzi, kuphika. Masana kukhala pa okala ya mayi anga kudikira ogula sopo ndi machesi. Bandulo ikatha, tsiku linkatalika ngati msewu wopita ku Karonga. Anzanga ena anali atapita ku koleji, ndipo ndikaona zithunzi zawo pa Facebook mtima unkandipweteka.

Tsiku lina anandituma m'tauni kukafunira mng'ono wanga buku la masamu kwa abambo aja oyala mabuku a kaunjika m'mbali mwa msewu. La masamulo panalibe. Panali lina lachikuto chothetheka, dzina lake The No. 1 Ladies' Detective Agency. Ndinalitola chifukwa chodabwa kuti azimayi ofufuza milandu ndiye atinso. Ndinawerenga tsamba loyamba nditaimirira, lachiwiri nditanjuta, mpaka abambo aja anati, “Achemwali, pano si pa laibulale.” Ndalama imene ndinasungira chipisi inathera pomwepo.

Wolemba bukuli ndi Alexander McCall Smith, mzungu wa ku Scotland koma wobadwira ku Bulawayo, ku Zimbabwe, mu 1948. Anaphunzitsako zamalamulo pa yunivesite ya ku Botswana, ndipo bukuli linatuluka mu 1998. Mwini nkhani ndi mayi wina wojintcha bwino, Precious Ramotswe, amene onse amamutchula kuti Mma Ramotswe. Bambo ake, a Obed, anagwira ntchito zaka zambiri m'migodi ya ku Joni, n'kubwerako ndi chifuwa cha fumbi. Pomwalira anamusiyira ng'ombe. Iye anagulitsa ng'ombezo n'kutsegula kaofesi kofufuza milandu mu mzinda wa Gaborone.

Nditafika pa mutu wonena za a Obed ndinatseka buku kaye. Agogo anga aamuna nawonso anapita ku Joni pa Wenela. Chimene ndimakumbuka za iwo ndi kutsokomola usiku, ndi sutikesi yachitsulo pansi pa bedi. Ali moyo sindinawafunsepo kuti kumigodiko kunali bwanji. Madzulo ake ndinakakhala pafupi ndi agogo aakazi n'kuwafunsa. Anandiuza zambiri, kuphatikizapo za ndege ya Wenela imene inagwa ku Francistown, ku Botswana komweko, mu 1974, n'kupha Amalawi oposa 70 amene ankabwerera kwawo. Anati m'mudzi monse azimayi anakhala masiku osadziwa ngati amuna awo anali momwemo. Zaka zonsezi ndimagona nyumba imodzi ndi nkhani imeneyi, ine osaidziwa.

Milandu ya Mma Ramotswe si ya mfuti ndi kuthamangitsana pa galimoto ayi. Mwamuna wasowa pakhomo. Mdala wina watulukira n'kumati ndine bambo ako, koma ntchito yake n'kungodya ndi kugona. Mwana wasowa ndipo anthu akunong'onezana za mankhwala. Mayiyu amakwera kagalimoto kake koyera kokalamba, amakhala pansi ndi anthu, amamwa nawo tiyi wa rooibos, n'kumamvetsera. Amadziwa kuti wantchito wa m'nyumba ndi mayi wogulitsa pa msika amaona zambiri kuposa bwana. Ali ndi sekilitale wake, Mma Makutsi, amene anapeza 97 peresenti ku koleji ya zolembalemba ndipo salola kuti munthu aiwale zimenezo. Tonse tili naye mnzathu wotere, eti? Musaloze munthu, chonde. Palinso a J.L.B. Matekoni, makaniko wofatsa amene amamvera chisoni injini ngati kuti ndi munthu. Mabuku amenewa tsopano anapitirira 20.

Apa ndi pamene pali ubwino wa mabuku otsatizana, makamaka kwa ife amene Chingerezi tinachipeza kusukulu. Buku loyamba limavuta, sindikunamizani. Maina achilendo, malo achilendo, mawu ena oti mpaka dikishonale. Zili ngati mwangosamukira kumene ku dera latsopano, simukudziwa kuti chigayo chili kuti, mjigo uli kuti, woyandikana naye wovuta ndi uti. Koma mukalowa lachiwiri mumapeza kuti anthu onse mukuwadziwa kale. Wolembayo mawu ake mwawazolowera. Loyamba linanditengera pafupifupi mwezi. Lachitatu ndinalimaliza masiku anayi, mpaka ndinapsereza ndiwo. Ndipo anthu a m'bukumo amakula nanu limodzi: wina akwatiwa, wina akwezedwa pa ntchito, wina adwala. Mumayamba kuwasowa ngati abale.

Kukoma kwina ndi kwakuti buku lofufuza mlandu ndi masewera a anthu awiri, inu ndi wolemba. Wolemba wabwino sakubisirani umboni. Amauika poyera, koma pa nthawi imene maso anu ali kwina. Amakuonetsani munthu wa nkhope yoopsa, wamwano, wangongole, kuti mtima wanu uthamangire kwa iye, pomwe mwini mlandu ndi uja wakhala akukupatsirani mpando mwaulemu kuyambira tsamba loyamba. Ine ndikafika pakati pa buku ndimalemba pa kapepala dzina la amene ndikumuganizira, n'kukapinda. Pa mabuku khumi ndimalondola awiri, mwina atatu. Enawo ndimagwa nawo, ndipo kugwako n'kumene kumakoma, chifukwa ndikabwerera m'mbuyo ndimapeza kuti anandiuza kale pa tsamba lakutilakuti, ine ndinali ndi phuma. Kuona maso a nkhono n'kudekha, akuluakulu sananame.

Kuchoka ku Botswana ndinapita ku Ghana, ndili pa okala pomwepo. Kwei Quartey ndi dokotala wobadwira ku Ghana amene wagwira ntchito yake ku America, ndipo analemba mabuku asanu a wapolisi wa CID wa ku Accra, Darko Dawson. Darko si mngelo. Ndi wamtima wapachala, amasuta chamba mobisa, ndipo mwana wake wamwamuna anabadwa ndi vuto la mtima lofunika opaleshoni imene malipiro a wapolisi sangakwanitse. Buku lililonse limakulowetsani m'mbali ina ya dzikolo. Children of the Street likunena za ana ogona mumsewu mu Accra. Gold of Our Fathers likunena za okumba golide mozemba boma. Pambuyo pake Quartey anayamba mabuku ena a mtsikana wofufuza milandu, Emma Djan, ndipo loyamba lake, The Missing American la mu 2020, likunena za akathyali a pa intaneti. Amene munalandirapo uthenga uja wakuti ndalama ija tumizani pa nambala iyi, mudzamva ngati akunena za kuno.

Koma limene ndikufuna tikhalepo pang'ono ndi loyamba, Wife of the Gods, la mu 2009. Mtsikana wophunzira udokotala wapezeka atafa m'nkhalango ku chigawo cha Volta, ndipo Darko watumidwa kuchoka ku likulu kuti akathandize. Kumeneko akukumana ndi mwambo wotchedwa trokosi, wopereka mwana wamkazi kwa wansembe wa kachisi kuti alipire cholakwa cha m'banja. Akupezanso kuti apolisi a kumaloko agwira kale munthu wawo, ndipo sakufuna mafunso ambiri.

Tsopano ndikuuzeni chinthu chimene sindinyadira.

Masiku amene ndinkawerenga buku limeneli, kudera kwathu kunasowa foni ya mayi ena pa chinkhoswe. Ola lisanathe, pa gulu la WhatsApp la m'dera mwathu panabwera chithunzi cha mnyamata wina, pansi pake atalemba kuti wakuba ndi ameneyu, chenjerani naye. Mnyamatayo ankadziwika kuti amasuta, ndipo kale anagwidwapo ndi nkhuku ya eni. Ine ndinachita chiyani? Ndinatumiza chithunzicho ku magulu ena awiri. Sindinaganize n'komwe. Madzulo anyamata anamupeza pa msika, anamumenya mpaka kumugulula dzino. Mwayi wake akuluakulu ena analeretsa.

Usiku womwewo ndatsegula buku langa, tochi ya foni ili m'manja poti magetsi anali atazima. Ndikupeza apolisi a kumudzi aja akupanikiza mnyamata wosauka, wopanda womulankhulira, kuti avomere mlandu chifukwa choti ndi amene anali pafupi. Ndinayamba kuwakwiyira apolisiwo. Kenako mtima unangoti phwii. Ine amene ndikukwiyira anthu a pa pepala, masana omwewo ndinali nditachita zomwezo ndi chala changa. Tulo sindinatione.

M'mawa ndinapita kwa mayi aja. Ndinalonjera, n'kupempha kuti ndifunseko mafunso angapo, omwe aja amafunsa a m'mabuku. “Mayi, foni munaiona komaliza nthawi yanji?” Anati asanayambe kugawa chakudya. “Alipo amene anamuona mnyamatayo ataigwira?” Anati wakuti ndi amene wanena. Ndinapita kwa wakutiyo, nayenso anati anamva kwa uje. Uje anati iye anangomuona akudutsa kuseri kwa tenti. Basi, umboni wonse unali womwewo. Kandimverere anakanena za m'maluwa. Ndinabwereranso kwa mayi aja. “Nanga batire inali bwanji?” Anati inali itatsala pang'ono kutha, ndipo anadandaulapo pagulu. Apo ndiye tinayang'anana. Foni inapezeka ku babashopu kumene amatchajitsa mafoni. Mwana wa achemwali awo ndi amene anaipititsa, pofuna kuwathandiza, n'kuiwala kunena. Ataona kuti nkhani yafika pomenyana, mwanayo anachita mantha n'kungokhala duu.

Ayi, musaombe m'manja. Dzino lija silinabwerere. Ndinapita kukapepesa, mnyamatayo anangondiyang'ana osayankha, ndipo sindingamudandaule. Pa magulu aja ndinalemba kuti tinalakwitsa, koma chithunzi chinali chitafika kutali kumene kupepesa kwanga sikunafikeko.

Mukudziwa nonse kuti m'dziko muno anthu aphedwapo chifukwa cha “akuti”. Wina wakuwa kuti wakuba, gulu latola miyala. Agogo okalamba athamangitsidwa m'midzi, ena kuphedwa kumene, ati ndi afiti, chonsecho lamulo la dziko lino la mu 1911 limati kunena munthu kuti ndi mfiti ndi mlandu. Sindikunena kuti buku lingathetse zonsezi. Ine ndemwe ndinali nditawerenga angapo pomwe ndinkatumiza chithunzi chija. Koma kuchokera tsiku limenelo, chithunzi cha munthu chikafika pa foni panga ndimayamba ndafunsa mafunso atatu. Waona ndi maso ndani? Munthuyo anali kuti pa nthawiyo? Nkhaniyi ikakhulupiriridwa, apindule ndani? Mafunso amenewa sindinawaphunzire m'kalasi.

Tiyeni tipume pa zolemerazi, tilowe m'mabuku a mbiri yakale. Kusukulu phunziro la History ndinkadana nalo chifukwa linali zaka ndi maina oloweza. Chimene chinandisintha ndi pamene ndinapeza kuti alipo mabuku ophatikiza zonse ziwiri, mlandu wofufuza koma wochitika kalekale.

Malla Nunn anabadwira ku Swaziland, kumene lero timati Eswatini, n'kusamukira ku Australia. Analemba mabuku anayi a wapolisi Emmanuel Cooper. Loyamba, A Beautiful Place to Die, nkhani yake ikuchitika ku South Africa mu 1952. Chipani cha National Party chinali chitalowa m'boma mu 1948, ndipo mu 1950 chinakhazikitsa lamulo lolemba munthu aliyense m'kaundula malinga ndi khungu lake, n'kukhwimitsanso lina loletsa mzungu kugonana ndi munthu wa mtundu wina. Mkulu wa apolisi wachibunu wapezeka atafa mu mtsinje kumalire ndi Mozambique. Cooper akufuna kudziwa zoona, koma apolisi a zachitetezo cha boma akufuna munthu wakuda wandale woti amupachike mlanduwo, nkhani ithe. Womuthandiza Cooper ndi wapolisi wachizulu, Shabalala, amene akudziwa zambiri koma akuyenera kusamala ndi mawu alionse otuluka pakamwa pake. Tonse tinaphunzira za apartheid. Koma m'bukumu ndi momwe ndinamvetsa kuti munthu ankayenera kuganiza kaye asanalowe pa khomo, asanakhale pa mpando, asanayang'ane wina m'maso.

Kenako ndinapita kutali kwambiri, ku England ya zaka pafupifupi 500 zapitazo. Mfumu Henry VIII, amene analamulira kuyambira 1509 mpaka 1547, anakwatira akazi asanu ndi mmodzi, ndipo awiri mwa iwo anawadulitsa mutu. Pofuna kusiya mkazi woyamba kuti akwatire Anne Boleyn, anakangana ndi Papa, ndipo mu 1534 anadziika yekha kukhala mutu wa mpingo ku England. Kenako anatseka nyumba za amonke, anthu aja odzipatula chifukwa cha mapemphero, n'kulanda malo ndi chuma chawo. Woyendetsa ntchito yonseyi anali nduna yake, Thomas Cromwell.

C.J. Sansom, amene anaphunzira mbiri yakale mpaka digiri ya udokotala n'kugwirakonso ntchito ya uloya, analemba mabuku asanu ndi awiri a loya wina wa linunda pamsana, Matthew Shardlake. M'buku loyamba, Dissolution la mu 2003, Cromwell akumutuma ku nyumba ya amonke kumene nthumwi ya mfumu yadulidwa mutu. Kunja chisanu chatseka njira, aliyense m'nyumbamo ali ndi chobisa, ndipo anthu akumunyoza Shardlake chifukwa cha thupi lake. Iye akuyamba ulendowu akukhulupirira ndi mtima wonse kuti bwana wake akukonza dziko. Pamene akufufuza, chikhulupiriro chija chikuyamba kugwedezeka. Buku lomaliza, Tombland, ndi chimtolo cha masamba oposa 800, lonena za kuwukira kwa alimi osauka ku Norfolk mu 1549, olemera atayamba kutchinga mipanda malo odyetsera ziweto a mudzi wonse. Nkhani ya malo, abale anga, si ya lero ndipo si ya kuno kokha. Sansom anamwalira mu 2024, ndiye ulendo wa Shardlake unathera pomwepo. Nditamva ndinadandaula ngati wamwalira ndi wa kumudzi kwathu.

Tsono tamverani izi. Nditamaliza Dissolution ndinkamuona Cromwell ngati chilombo, munthu wouma mtima wosaopa magazi. Kenako mnzanga wina anandibwereka Wolf Hall, buku la Hilary Mantel, mayi wa ku England amene anakhalakonso ku Botswana zaka zingapo. Ndi loyamba mwa atatu: Wolf Hall la mu 2009, Bring Up the Bodies la mu 2012, ndi The Mirror and the Light la mu 2020. Awiri oyambawo anapata mphoto ya Booker. Munthu wake ndi Cromwell yemweyo, koma apa muli m'mutu mwake. Mukumuona ali mnyamata, mwana wa mmisiri wosula zitsulo ku Putney, bambo ake akumumenya mpaka kuthawa pakhomo. Mukumuona mkazi wake ndi ana ake aakazi awiri akumwalira. Mukumuona akukwera pakati pa anthu obadwira m'maufumu amene akumunyoza kuti ndi wapansi. Ndinayamba kumukonda, ndikuuzani. Ndipo pomwe ankakonza njira yoti Anne Boleyn aphedwe mu 1536, ndinadzipeza ndikumuikira kumbuyo. Ndinachita mantha ndi ine mwini. Mu 1540 mfumu yomwe ija inamudulitsa mutu nayenso. Apa sindinakuonongereni nkhani, zimenezi zili m'buku lililonse la mbiri ya England.

Munthu mmodzi, alembi awiri, zithunzi ziwiri. Onse anafufuza bwino, ndipo palibe amene ndinganene kuti ananama. Wina anaimirira panja n'kumamuyang'ana, wina analowa mkati. Kuyambira pamenepo, munthu akamandiuza mbiri ya mtsogoleri wina aliyense, kaya akumutamanda kaya akumunyoza, ndimafuna ndidziwe kuti wonenayo waima mbali iti. Ndinene mosabisa kuti Mantel ndi wovuta. Musayambire pa iye, mungadane ndi mabuku. Ine ndinamusiya kawiri ndisanamumalize.

Chenjezo limodzi. Buku la mtundu umenewu si buku la History, musakalembe za Shardlake pa mayeso. Shardlake sanakhaleko, Cooper sanakhaleko. Cromwell, Henry ndi malamulo a apartheid ndiye zenizeni. Alembi ambiri amaika kumapeto masamba angapo ofotokoza kuti izi n'zoona, izi ndapeka. Masamba amenewo musawadumphe. Komanso Botswana ya McCall Smith ndi yofewa, yoonedwa ndi maso a mlendo woikonda. Ikomereni, koma dziwani kuti eni dziko ali ndi zawo zonena.

Ndikudziwa funso limene lili m'mitima mwanu: mabukuwo tiwapeza kuti, poti ndalama palibe? Zoona, atsopano ndi odula. Koma yambani mwaima pa a kaunjika aja, muzifukula ngati momwe mumafukulira jinzi. Pitani ku National Library, ili ndi nthambi ku Lilongwe, Blantyre, Mzuzu, Zomba ndi m'maboma ena, mukafunse. Amene muli ndi achibale ku Joni kapena ku UK, pa zinthu zimene mumapempha onjezerani buku limodzi logwiritsidwapo kale ntchito. Mukapeza lachitatu musadikire loyamba, yambani pomwepo. Ambiri mwa ofufuza milanduwa mlandu wake umathera m'buku lomwelo. Mawu ovuta musamaime pa alionse. Dutsani, tanthauzo limabwera lokha kutsogolo, ndipo dikishonale muziitsegula pa okhawo amene akubwerabwera. Buku likakukanani mutawerenga masamba 50, lisiyeni mutenge lina, si ukwati. Ndipo masamba khumi pa tsiku ndi okwana. Pa mwezi ndi 300, limenelo ndi buku lathunthu.

Pempho langa kwa a wapampando ndi komiti ndi ili. Tipeze katoni imodzi, tiike pa kona apo. Aliyense amene ali ndi buku logona pansi pa bedi abweretse, tilembe mu kope kuti ndi la ndani ndipo watenga ndani. Ine ndiyamba ndi anga asanu ndi limodzi, kuphatikizapo lachikuto chothetheka lija. Wotenga abweze pakatha masabata awiri. Loweruka lomaliza la mwezi tizikhala mphindi 30, aliyense atulutse kapepala kake tione amene analondola. Malamulo ndi awiri okha. Wotaya buku agula lina. Woulula mathero kwa mnzake amene sanamalize agula mandasi a gulu lonse.

Chomaliza. Alembi tili nawo kuno kwathu. Samuel Nthara analemba Nthondo kalekale mu 1933, Willie Zingani anatipatsa Njala Bwana ndi Madzi Akatayika, ndipo amenewanso alowe m'katonimo. Koma ine ndimalakalaka wofufuza milandu wathuwathu, woyankhula Chichewa, wokwera kabaza, woti tizimutsata buku ndi buku. Nkhani zoti ayendemo zilipo zambiri. Taganizani mlandu wochitika ku Chiradzulu mu January 1915, masiku a nkhondo ya John Chilembwe. Kapena pa nyanja mu 1946, chaka chimene sitima ya Vipya inamira ndi anthu oposa 100. Kapena ku Nkhata Bay mu March 1959. Kapena kalaliki wa pa ofesi ya Wenela amene waona kuti dzina lina m'kaundula silikugwirizana ndi nkhope ya mwini wake. Agogo amene anaona zina mwa zimenezi akutha mmodzimmodzi. Amene muli nawo, pitani mukakhale nawo pansi sabata ino, mukawafunse, mulembe. Mwina wolemba mabuku amenewo wakhala pa benchi pompano.

Loweruka likubwerali ndibwera ndi katoni. Inu mubwere ndi buku. Ndipo uja anandibwereka Gold of Our Fathers mwezi wa June, sinditchula dzina, koma umboni ndili nawo wokwanira.